Linunda la nkhunzi ya apongozi

Mchimwene wanga atandiikira mafilimu a ku India a Chitamil mu memori khadi, ndinasiya zonse. Osati aja a m'tauni ayi, koma a kumudzi, komwe mnyamata wa ndevu zam'mwamba amakonda mtsikana wa pamunda wa mpunga, makolo n'kumakana, nyimbo n'kumalira pa mphindi khumi zilizonse. Njira imeneyi anaitsegula wopanga mafilimu Bharathiraja mu 1977 pomwe anachotsa makamera mu situdiyo za ku Chennai n'kukajambula m'midzi yeniyeni, fumbi ndi mbuzi zomwe.

Chimene chinandigwira mtima ndi jallikattu, masewera ogwira nkhunzi. Amachita mu January pa chikondwerero cha zokolola cha Pongal, makamaka kufupi ndi Madurai, ku Alanganallur ndi Palamedu. Nkhunzi imatuluka pa kachipata kopanikiza, anyamata n'kuilumphira, ndipo wopambana ndi amene wakakamira linunda osagwa. Khoti lalikulu la India linaletsa masewerawa mu 2014, anthu anadzaza gombe la Marina ku Chennai mu 2017 mpaka anawabwezeretsa. Mufilimu, ukangogwira linunda basi, mtsikana amamwetulira kuseri kwa mtengo.

Ndiye bambo ake a chibwenzi changa ku Ntcheu ali ndi nkhunzi, ya linunda lonenepa bwino.

Ndinafika Loweruka masana nditavala chitenje cha mlongo wanga m'chiuno, nditachipinda mpaka m'maondo monga amachitira ngwazi zija. Ndevu zinali zisanamere mokwanira, ndinathandizira ndi khala. Mtsikana anali pa mtondo ndi amayi ake. Ndinalowa m'khola, n'kuomba m'manja kawiri. Nkhunzi inangondiyang'ana uku ikubzikula. Ya ku Madurai amailera kuti izimenya anthu, iyi inazolowera kuyenda ndi kamwana ka zaka zisanu ndi ziwiri.

Ndinailumphira pa linunda. Apo m'pamene inakumbukira kuti ndi nkhunzi. Inathyola mtanda wa pakhomo la khola, ine ndili lende, miyendo ikukwekwereza m'ndowe. Chitenje chinakodwa pa msomali n'kutsala pomwepo. Tinadutsa pa mtondo, tinadutsa pa nkhokwe, nkhuku zili balala, ine ndili ndi kabudula wamkati wobooka kumbuyo. Nyimbo sinalire. Chinalira ndi galu basi, komanso amayi aja akukuwa kuti "Wamisala! Wamisala walowa m'khola!"

Inakanditaya m'munda wa mbatata za kachewere.

Bambo aja anabwera pang'onopang'ono, chitenje chili m'manja, n'kuyang'ana kumbali pondipatsa.

"Bambo, munali kufuna chiyani kwa ng'ombe yanga?"

"Ndimafuna kuonetsa mphamvu, bambo."

"Mphamvu zilipo, taona tonse. Mitengo ya khola ili kuseri kwa nyumba. Mukamaliza kumanga, mukauze ankhoswe anu abwere, koma avale buluku."