Mvuu ya m'dimba ndi achibale ake a m'nyanja zamchere

Mwera unayamba mbandakucha lero, moti asodzi ambiri a kuno ku Senga Bay sanakwere mabwato awo, ndipo ndinawapeza atakhala pamchenga akusoka maukonde pamene ndinkapita kusukulu. Bambo wina wachikulire amene amandigulitsa chambo anandiimitsa n'kundidandaulira kuti usiku mvuu inamaliza chimanga cha m'dimba la mlongo wawo. "Aphunzitsi," anatero bamboyo, "nyama imeneyi sitiimvetsa, masana ili m'madzi ngati nsomba, usiku ili kumunda ngati ng'ombe." Ndinawapepesa chifukwa cha chimangacho, koma mawu awo ndinawatenga n'kulowa nawo m'kalasi, popeza lero ndi tsiku limene ndinakonza zophunzitsa ana a Folomu 4 za kusintha kwa zamoyo.

Ndinayamba ndi kuwafunsa kuti pa nyama zonse zimene zili ndi moyo masiku ano, wachibale wapafupi kwambiri wa mvuu ndi uti. Ena anati nkhumba, ena anati njovu. Nditawauza kuti ndi namgumi, chilombo cha m'nyanja zamchere chimene palibe mwa iwo anachionapo, kalasi yonse inaphulika ndi mtsutso, ndipo ine ndinakondwera, chifukwa mwana amene akutsutsa ndiye kuti akumvetsera. Ndinayenera kuwamasulira bwino kuti mvuu sinasanduke namgumi, koma kuti ziwirizi zinachokera kwa kholo limodzi la ziboda limene linkayenda pamtunda kalekale.

Umboni wake uli m'miyala ya ku Pakistan ndi India, kumene kunali gombe la nyanja yakale yotchedwa Tethys. Mu 1981, akatswiri a mafupa a zamoyo zakale Philip Gingerich ndi Donald Russell analengeza za chigaza cha nyama imene anaitcha Pakicetus, yomwe inakhalapo zaka pafupifupi 50 miliyoni zapitazo. Inali ya miyendo inayi, msinkhu wa galu wamkulu, ndipo munthu woiona sakanaiganizira za m'madzi n'komwe, koma fupa la khutu lake linali lochindikala mwa mtundu umene umadziwika mwa anamgumi. Mu 1994, Hans Thewissen ndi anzake anafotokoza za Ambulocetus, nyama yotalika mamita pafupifupi atatu, ya mapazi aakulu opalasira, imene inkatha kuyenda pamtunda komanso kusambira.

Apa mtsikana wina wokhala kutsogolo anakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, ngati zilidi choncho, miyendoyo inapita kuti?" Ndinamuuza za chigwa cha Wadi Al-Hitan m'chipululu cha Egypt, chimene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, inachiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2005, kumene mafupa a Basilosaurus ali mbwee pamchenga. Nyama imeneyi, ya zaka pafupifupi 40 miliyoni zapitazo, inkatalika mamita oposa 15, koma miyendo yake yakumbuyo sinkakwana ngakhale mita imodzi, ngakhale kuti inali ndi mawondo ndi zala zomwe. Miyendo yotere sikananyamula thupi lalikulu chonchi pamtunda. Anamgumi a masiku ano anatsala ndi timafupa ta m'chiuno tobisika m'mnofu, pamene miyendo yakutsogolo inasanduka zipsepse zimene m'kati mwake muli mafupa a mkono ndi a zala.

Chimene chinawagwira mtima kwambiri ana a asodzi amenewa ndi nkhani ya mchira. Iwo amadziwa bwino kuti chambo kapena kampango amapinda thupi chamumbali akamasambira, pamene namgumi amakupiza mchira wake m'mwamba ndi pansi, chifukwa anatengera msana wa nyama zothamanga pamtunda, umene umapindika motero. Zina ndinangozidutsa mofulumira popeza belu linali pafupi kulira: mphuno zimene zinasunthira pamwamba pa mutu kuti nyamayo izipuma osatulutsa thupi lonse, mafuta ochindikala a pansi pa khungu oteteza kuzizira, ndiponso minofu ndi magazi zosunga mpweya wochuluka. Mtundu wina wa anamgumi wotchedwa Cuvier's beaked whale unapezeka ukumira mamita pafupifupi 3,000, kuposa kanayi kuya kwa malo akuya kwambiri a Nyanja ya Malawi, amene ndi mamita pafupifupi 700, komabe umabwerera pamwamba kudzapuma, ndipo ana ake amayamwa mkaka.

Madzulo ano ndakhala ndikuganiza kuti phunziro limeneli timaliphunzitsa ngati nkhani ya kutali, ya zithunzi za m'mabuku zokha, pamene mbali ina ya umboni wake ili pamsika wathu womwe uno. Mu 2001, akatswiri anasonyeza kuti anamgumi akale, monga Rodhocetus, anali ndi fupa la pakakolo lokhala ndi mizere yoterera mbali zonse ziwiri, lomwe limapezeka mwa nyama za ziboda zogawanika monga mbuzi, ng'ombe ndi mvuu. Ndadutsa kwa mnyamata wina wopha mbuzi ndipo walonjeza kundisungira mwendo wakumbuyo mawa m'mawa, kuti ndiuwiritse, ndichotse fupalo, ndipo mwana aliyense aligwire ndi manja ake tisanapitirize phunziro Lachinayi.