Chaja wamba si yolembera pulogalamu mu kompyuta bokosi

Pa zonse zimene taphunzira za magetsi a galimoto kuno ku Chipata, chimene chandikhala kwambiri m'mutu ndi nkhani ya batire. Anzanga ambiri maso awo ali pa sikana (makina ofufuzira mavuto a galimoto), aliyense akufuna yamtengo wapatali yolumikiza pa OBD, soketi ya mapini 16 ya m'galimoto. Koma nthawi zambiri chimene chimapha kompyuta bokosi (kompyuta yoyendetsa injini) ndi voteji yogwa pakati pa ntchito yolemba pulogalamu.

Batire yodzaza bwino imaonetsa 12.6V. Injini ikamalira, alternator (chipangizo chotchaja batire) imakweza magetsi kufika pakati pa 13.5V ndi 14.5V. Vuto ndi loti polemba pulogalamu injini imakhala yozima, kiyi ili pa ON, ndipo makompyuta onse a m'galimoto akudya batire yokhayo. BMW kapena Mercedes imatha kukoka 30A kapena kuposerapo, ndipo nthawi zina fani ya radiyeta imangoyamba yokha kuzungulira mwamphamvu. Kompyuta bokosi imayamba yafufuta pulogalamu yakale isanalandire yatsopano. Magetsi akagwa apo, imatsala yopanda kanthu, galimoto osaliranso, mwini wake ali panja akudikira.

Aphunzitsi analumikiza chaja wamba ya transifoma, n'kutiuza kuti tiyang'ane multimeter, kachipangizo koyezera voteji. Atayatsa malaiti a kutsogolo ndi fani ya m'kati, manambala anatsika pomwepo. Ngakhale chaja yamakono ija yodzizimitsa yokha ndi yosadalirika pa ntchitoyi, chifukwa imasinthasintha voteji malinga ndi mmene batire ikudzazira. Chofunika ndi makina ogwira voteji pamalo amodzi, cha pa 13.5V, okhoza kupereka 70A kapena kuposa, okhala ndi mawaya onenepa ndi zopanira zoluma bwino pa materminal opalidwa dzimbiri.

Kwathu kuno palinso china. Makinawo amadalira 230V ya pakhoma, ndipo tonse tikukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, mmene magetsi ankazimira maola ambiri. Choncho batire ya galimoto iyenera kuyezedwa kaye, laputopu ikhale yodzaza, ndipo ngati tikugwiritsa jenereta, ikhale ya AVR (yosunga voteji pamalo amodzi) ndi mafuta okwanira. Batire ikakhala yofooka, ine sindidzayamba ntchito, kaya kasitomala akuthamangira ku Mwami kapena ku Lusaka.

Ndalama zimene ndimasungira sikana yatsopano ndaganiza zoyamba kugulira makina ogwira voteji aja.