Mmene ndinalondolozera vuto la madeti mu lipoti la Power BI

Mu Power BI, pulogalamu yosanthula deta ndi kupanga malipoti, lipoti la malonda a sitolo yogulitsa mopikulitsa yomwe ndimaiwerengera ndalama linkaonetsa chiwerengero chonse cholondola, koma ndikaligawa m'miyezi, ndalama zambiri zinkaunjikana pamzere wolembedwa Blank. Izi zimachitika pamene madeti a mu tebulo la malonda sakupeza anzake mu tebulo la kalendala.

Ndinayambira mu Power Query, gawo la Power BI lokonzera deta isanalowe mu lipoti. Mu fayilo ya malonda ya mtundu wa CSV madeti analembedwa tsiku patsogolo, monga timalembera kwathu kuno, koma kompyuta inatcheredwa mwa kalembedwe ka ku America, motero 03/04/2024 inkawerengedwa kuti 4 Malichi m'malo mwa 3 Epulo, pomwe 25/04/2024 inkatuluka Error poti kulibe mwezi wa 25. Oopsa kwambiri ndi oyambawo, chifukwa amalowa m'mwezi wolakwika popanda chenjezo lililonse. Ndinasintha mtundu wa kolamuyo posankha Using Locale ndi Chingerezi cha ku United Kingdom.

Mzere wa Blank unachepa koma sunathe. Nditayang'anitsitsa ndinapeza kuti makina a pa kauntala amalemba deti pamodzi ndi nthawi, mwachitsanzo 14:35, pomwe tsiku lililonse mu kalendala limaima pa 00:00. Apa ndikuchenjeza mwamphamvu: kusintha mtundu wa kolamu kukhala Date (deti lokha) kunja kwa Power Query kumangobisa nthawiyo pamaso, koma polumikiza matebulo pulogalamuyi imaiwerengabe. Ndinaichotseratu mu Power Query momwemo, ndipo mizere inayamba kugwirizana.

Kalendala nayo inkathera pa 31 Disembala pomwe malonda anali atadutsa kale. Ndinaipanganso ndi fomula ya CALENDARAUTO, yomwe imapereka masiku onse a zaka zathunthu popanda kulumpha kapena kubwereza, kenako ndinadina Mark as date table kuti Power BI ilizindikire ngati tebulo la madeti.

Chotsala chinali ngongole za makasitomala. Tebulo la malonda lili ndi tsiku la invoisi komanso tsiku lolipira, ndipo pakati pa matebulo awiri Power BI imalola kulumikiza kumodzi kokha kugwira ntchito nthawi imodzi; kwinako kumaoneka ngati mzere wodukaduka. Ndinasiya tsiku la invoisi kukhala logwira ntchito, ndipo powerengera ndalama zolowa ndinaika fomula ya USERELATIONSHIP mkati mwa fomula yowerengera ya CALCULATE, kuti pa chiwerengero chimenechi pagwire ntchito kulumikiza kwa tsiku lolipira. Pomaliza ndinayerekeza ndalama za Epulo ndi sitetimenti ya ku banki, ndipo zinafanana.