Bawuti ikakana musaikakamize abale

Dzulo pano pa Ulongwe ndatha tsiku lonse ndikulimbana ndi bulubala (chitsulo chotchinga kutsogolo kwa galimoto) yomwe ndinagula ku Tete kuti ndiike pa Hilux yanga, mabawuti awiri amalowa pang'ono basi n'kuuma gwa, mtima unandiwawa zedi poti ndalama yake sinali yochepa.

Kenaka achimwene ena amakaniko anabwera nkuti aise taima kaye, usagwire sipanala. Vuto linali mazinga. Mabawuti obwera ndi bulubalayo anali M10 x 1.5 pomwe mabowo a pa chasisi ya Toyota ndi M10 x 1.25 (nambala yomalizayo ndi kutalikirana kwa mazinga), ukangoona ndi maso amafanana ndithu koma ukakakamiza waononga nati yowotcherera mkati mwa chasisi, ndiye ntchito ina imeneyo. Komanso mabowo anali atadzadza dzimbiri ndi dothi la misewu yathu ya kuno ku Angónia.

Tinathira mafuta ofewetsa dzimbiri a WD-40, kupititsa tap (kachida kokonzera mazinga m'bowo), kugula mabawuti oyenera. Anandiphunzitsanso kuti poyamba uzizunguliza bawuti ndi zala chobwerera m'mbuyo mpaka imveke kakuti tiki, kenako kutsogolo. Ndipo onse alowe kaye molezuka, kumanga zolimba n'kumapeto. Lero m'mawa bulubala yakhala bwinobwino.