Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Tsiku lomwe ndinabisa mwana kuchipinda

Gawo lapita lija ndinalekezera pomwe mwana wanga wachiwiri anabadwa, Novembala 2020, kolona ili mkati. Poyamba zonse zimayenda bwino, katemera wa BCG, wa TB uja, anamubaya tisanatuluke mchipatala, wa masabata 6, 10 ndi 14 ndinapita naye ndekha ku sikelo masiki ili kukamwa.

Zinasokonekera mu Malichi 2021 katemera wa kolona wa AstraZeneca uja atafika. Abale inu, pa WhatsApp ma voisi noti amangogwa ngati mvula, ena akuti ndi 666, ena akuti akufuna tisiye kubereka, koma yomwe inandilowa mumtima ndi ya mayi wina amayankhula ngati akulira kuti poti akuluakulu akukana ndiye ayamba kuwabaya ana mobisa ku sikelo komweko. Mu Meyi titamva kuti boma lawotcha katemera pafupifupi 20,000 ku Lilongwe apongozi anga anangoti "mwaonatu amake mwana, chinthu chabwino munthu sawotcha." Zoti anawotcha chifukwa masiku ake anali atatha sizinandikhudze nkomwe.

Ogasiti mwana anakwana miyezi 9, nthawi ya katemera wa chikuku. Sindinapite. Kabuku kakusikelo ndinakaponya pansi pa sutikesi. Musaganize kuti kunali kusasamala ayi, ine usiku ndimadzuka kumuyang'ana ngati akupuma, ndipo mumtima ndimati ndikumuteteza.

Ndiye Febuluwale 2022 wailesi inalengeza kuti mwana wa zaka 3 ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, koyamba chichokereni 1992. Mwezi wotsatira azaumoyo anayamba kuyenda khomo ndi khomo kudonthetsera ana osakwana zaka 5. Tsiku lomwe anafika kwathu nditangoona kabokosi kawo kozizira kaja pa msewu ndinanyamula mwana nkulowa kuchipinda, nkumuika bere mkamwa kuti asalire.

Koma sabata imeneyo kunyumba kunali azakhali anga, achemwali awo a bambo, anabwera kuchokera kumudzi kudzaonana ndi adokotala a maso. Iwowa mwendo wakumanzere ndi wopuwala, amayenda ndi ndodo, ndipo ine chibadwire sindinafunsepo kuti chinachitika nchiyani, ndimangoti ndi mmene analengedwera. Ndinawamva panja akuti "khalani pansi ana anga, mwana alipo." Kenako gogodo wa ndodo uja kubwera mpaka pakhomo la kuchipinda.

Sanakalipe. Anakhala pa bedi nkukweza chitenje mpaka pabondo. Kamwendo kowonda ngati dzanja langa, phazi lopindikira mkati, bondo lili ndi zikang'a zakuda za zaka zomwe amakwawa asanapeze ndodo. Anati "iwe, ine ndinabadwa ndi miyendo iwiri yabwinobwino, ndimathamanga. Ndinangotentha thupi masiku angapo basi, pomadzuka mwendo wakana. Agogo ako anandizunguliza kwa asing'anga mpaka mbuzi zinatha m'khola. Timadontho tiwiri tomwe ukuthawa iti akanatipeza nthawi imeneyo akanayenda wapansi ngakhale mpaka kuboma."

Ndinalira, sindinama. Ndinatuluka mwana ali kumanja manyazi atandigwira, koma mayi wazaumoyo uja sanandinyoze, anandionetsa kabotolo kuti ndiwerenge ndekha zomwe zalembedwapo, anati wa kolona ndi jakisoni wapamkono ndipo makanda sapatsidwa. Anadontheza kawiri mkamwa mwa mwana, nkumupaka inki pa kachala kakumapeto. Atafunsa kabuku ndinakafukula mu sutikesi muja, anaona mpata wa chikuku uli mbee, anangoti "mayi, chikuku sichidikira kuti kolona ithe, mubwere naye sikelo ikubwerayi."

Ndinapita, mwana ali ndi miyezi 16. Nkhondo inatsala inali ya apongozi ataona inki pa chala cha mdzukulu wawo, imeneyo ndikufotokozerani mu gawo 10.