Chitseko chimodzi chinandidyera masabata atatu

Satifiketi ya chitetezo cha moto ndalandira dzulo, koma mtima sunakhalebe pansi. Ndakhala ndikusandutsa nyumba yosanja kukhala malo ogona alendo, zipinda 8, ndipo ndinkayesa kuti nkhani ya moto ndi kungogula zozimitsira zofiira zija n'kupachika pakhoma. Ndinalemba m'madzi.

Za kujambulitsa pulani ndi kukapereka kukhonsolo sindinenapo. Chimene palibe anandiuza n'chakuti nyumba ikasintha ntchito, malamulo ake amasinthanso. Mlendo sadziwa njira zotulukira, ndipo utsi umamupeza ali m'tulo. Ndiye pitani ndi pulani kwa ozimitsa moto mmisiri asanaike njerwa ngakhale imodzi. Ine ndinapita penti atauma kale.

Bambo oyendera atafika sanayang'ane n'komwe zozimitsira zanga. Analunjika pachitseko chachikulu chotulukira, kukankha, osatseguka. Chimatsegukira mkati. Anangoti, "Anthu akamathawa amapanikizana. Wapatsogolo achikoka bwanji anzake atamuunjirira kumsana?" Ndinasowa chonena. Chitseko cha pamasitepe nachonso anachikana. Pamafunika chopirira moto kwa mphindi 30, chodzitseka chokha, chokhala ndi kalamba m'mbali kamene kamafufuma kakatenthedwa n'kutseka mipata. Changa chinali chathabwa wamba, tinachipinganso ndi kamtengo kuti mphepo izilowa.

Zonsezo ndinavomera, kulakwa kunali kwanga. Chimene chinandiwawa ndi ofesi yolembetsera kuti adzayenderenso. Lolemba anati fayilo ili kwa abwana. Lachitatu abwana apita kumsonkhano. Lachisanu ndinakhala pabenchi kuyambira 8 koloko, njala ikundipweteka, ndipo dzuwa litapendeka mayi wina anandiuza kuti ndiyambe ndalipira ndalama yoyenderanso. Pofika pawindo lolipirira, atseka. Tsiku lonse lathunthu! Pepala lolembedwa zimenezi pakhomo lingawavute chiyani? Risiti iliyonse ijambuleni pafoni, chifukwa yanga yoyamba inasowa m'fayilo momwemo.

Ndaiwala za kudenga. Tsiku loyamba lija bambo oyendera aja anakwera pamakwerero ndi tochi n'kupeza mabowo pamene mawaya ndi mapaipi adutsira khoma. Khoma lotchinga moto likakhala ndi bowo ndiye kuti ntchito yake yatha, utsi umangodutsa. Tinamata ndi zomatira zosapsa. Chitseko chakumbuyo, chimene ndinkachiwerengera ngati njira yachiwiri, chinali ndi zitsulo zotchingira akuba ndi loko wamkulu. Anandifunsa kuti kiyi ali kuti. Anali m'galimoto.

Zozimitsira zija nazo ndinagula zamadzi zokhazokha chifukwa zinali zotsikirako mtengo. Madzi pamoto wamagetsi kapena wamafuta ophikira ndi ngozi ina. Pafupi ndi bokosi lamagetsi anafuna chozimitsira cha mpweya wa CO2, kukhitchini bulangete lozimitsira moto. Pa zimene zili ndi geji, muvi uziloza pobiriwira, ndipo kapepala kosonyeza tsiku limene anaziyeza kazikhalapo, amayeza chaka ndi chaka. Miyezo ya kukula kwa makomo ndi kutalika kwa njira yothawira imasiyana dziko ndi dziko, n'chifukwa chake ndikubwereza, pulani iyambe yafika kwa ozimitsa moto.

Ulendo wachiwiri anathimitsa magetsi onse pa switchi yaikulu. Nyale zabatire zinayaka, zikwangwani zobiriwira zinaoneka, alamu ya utsi inalira ataidina. Anakankha chitseko chachikulu chija ndi chala chimodzi, n'kusaina ataimirira.