IRQ 5 kapena IRQ 14: hard disk ya kompyuta zakale imafuna iti?

Yankho lili pa khadi imene hard disk yalumikizidwako. Zimitsani kompyuta, zulani khadiyo, muone mano ake agolide kunsiko.

Akakhala a chigawo chimodzi, ndi khadi ya 8-bit, ya mtundu wa IBM PC/XT ya 1983. Imeneyi imaitana purosesa pa IRQ 5 (IRQ ndi waya umene khadi imaitanira purosesa), ma port ake (maadiresi amene purosesa imalankhulira ndi khadi) amayambira pa 320h, deta imadutsa pa DMA 3 (njira yopita ku memory osadzera pa purosesa), ndipo imabwera ndi BIOS (pulogalamu ya mu chip yoyendetsa zipangizo) yakeyake pa adiresi C800h poti BIOS ya pa motherboard ya XT siidziwa hard disk.

Mano akakhala a zigawo ziwiri, ndi khadi ya 16-bit, ya mtundu wa PC/AT ya 1984. Kompyuta imeneyi inabwera ndi chip yachiwiri ya 8259 (chip yolandira ma IRQ) yomangiriridwa pa IRQ 2, ndiye hard disk inasamukira pa IRQ 14, ma port 1F0h mpaka 1F7h ndi 3F6h, DMA n'kuisiya. Waya wa IRQ 14 uli pa kachigawo kafupi kachiwiri ka slot ya ISA (polowetsa khadi pa motherboard), kotero khadi ya 8-bit singaufikire ngakhale mutasuntha jumper (kapulagi kosankhira makonzedwe a khadi) iliyonse. IDE, njira yolumikizira hard disk imene inabwera pambuyo pake, inatengera zomwezi, channel yachiwiri n'kupatsidwa IRQ 15 ndi 170h.

Mavuto ambiri amachokera pa IRQ 5. Pa AT inatsala ya port yachiwiri ya printa, imene anthu ochepa ankakhala nayo, ndiye makhadi a mawu ambiri anakhazikika pomwepo. Ikani khadi yotere mu XT osakhudza jumper, makhadi awiri ayamba kulimbirana waya umodzi. Pa ISA, 8259 imangomva magetsi akamakwera kuchokera pansi. Khadi ya mawu ikaugwira wayawo, kuitana kwa hard disk sikumveka. BIOS imadikira chizindikiro choti kuwerenga kwatha mpaka nthawi kutha, kanyali ka disk kangoti phethi kenako zii, DOS n'kudandaula za drive C kapena kompyuta kuuma.

Apa musathamangire kulemba lamulo la g=c800:5 mu DEBUG, pulogalamu ya DOS, poganiza kuti disk yafa. Pa makhadi ambiri a Western Digital lamuloli limayambitsa low-level format (kukonzanso disk yonse kuyambira pansi), deta yonse n'kupita, mkangano wa IRQ uli pomwepo. Chotsani kaye khadi ya mawu. Disk ikayamba kuwerenga bwinobwino, wolakwa mwamupeza.

Ine ndimasuntha khadi ya mawuyo, osati ya disk, poti makhadi a disk ambiri a XT alibe n'komwe jumper ya IRQ. Iikeni pa IRQ 7. N'zoona kuti ndi ya printa, koma DOS imasindikiza osagwiritsa ntchito interrupt imeneyo. Mukatero tsegulani AUTOEXEC.BAT, pa mzere wa SET BLASTER, umene umauza magemu pamene pali khadi ya mawu, musinthe I5 kukhala I7, apo ayi magemu azifunabe mawu pa IRQ yakale.